Wotchi Yomwe Tinkakonza Awiri

Linali Lachinayi la sabata yachiwiri ya Okutobala, nthawi ili naini koloko m'mawa, ngakhale kompyuta inkaonetsa seveni. Amuna anga anali atangofika kuchokera kusiteshoni komwe anakachingamira akulu awo, alamu anga, amene amachita geni ku Nayuchi. Asanakhale n'komwe pansi, amuna anga anayatsa kompyuta n'kuwalozera pakona ya sikirini, kuti adzionere okha vuto lomwe linawasowetsa mtendere kwa miyezi itatu. Ine ndinali pakhomo, mwana kumbuyo, beseni la madzi osamba m'manja lili m'manja mwangamu.

Kompyutayo sitinaigule m'sitolo. Amuna anga anaimanga okha. M'mawa amapalasa kabaza kusiteshoni ndi kumsika wa Balaka, masana amakhala pakhonde pathu kukonza mafoni ndi kubenera anthu nyimbo m'mamemori kadi. Bokosi lake analipeza kwa bambo wina wogwira ntchito m'boma amene ankasamuka, fani anachotsa m'kompyuta ina yakufa, ndipo zina anabwera nazo alamu kuchokera kumalire atazikulunga m'chitenje. Ndili ndi pakati, zidutswa zonsezi zinkakhala pansi pa bedi m'katoni ya sopo. Posesa ndinkaizungulira katoniyo ngati muli mazira. Tsiku lomwe inayaka koyamba, mwana wathu wamkazi anali ndi mwezi ndi theka, ndipo kulira kwa fani kunamugonetsa tulo.

M'bokosimo anaikamo mahadi awiri. Hadi ndi kachitsulo kolemera, kukula kwake ngati sopo wochapira wodula pakati, ndipo ndi mmene mumasungidwa zonse. Hadi iliyonse inali ndi sisitimu yakeyake, ndiye kuti chimene chimayendetsa kompyuta ukaiyatsa. Mayina ake anandiuza, koma ine ndinkangoti yabuluu ndi yofiirira, potengera mtundu wa sikirini. Anandifotokozera kuti zili ngati nyumba ziwiri mumpanda umodzi, chipata chimodzi. Zimenezo ndinazimva msanga, chifukwa kwathu ku Machinga amayi ndi ang'ono awo amakhala motero, aliyense ndi khomo lake ndi nkhokwe yake.

Yabuluu inali ya ntchito. Makadi a anthu amabwera ndi mavairasi, ndiye pakapita miyezi amuna anga amaifomata, kufufuta zonse n'kuyambiranso. Yofiirira anaiika pa hadi yapayokha kuti pofufutapo isamakhudzidwe. Ankafuna kuiphunzira, koma mapulogalamu awo a mafoni anakana kugwira ntchito mmenemo, ndiye anagwa nayo ulesi. Tsiku lina anandiitana n'kunena kuti nyumba yachiwiriyo ikhale yanga.

Ndinakana. Ndinati ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndingaononge chinthu chomwe chikutidyetsa. Iwo anati nyumba yangayo ngakhale nditaiotcha, yawo siingapse. Anandionetsa kalowedwe kake. Ukaiyatsa n'kungoiyang'ana, imapita yokha ku yabuluu. Kuti ulowe ku yofiirira uyenera kudina msanga batani lina la mzere wapamwamba, sikirini ikadali yakuda, ndiye pamabwera mizere iwiri kuti usankhe. Pabatanipo anadonthezapo penti yofiira. Kenako anati ndilembe pasiwedi yodziwa ndekha, iwo n'kutembenukira kukhoma ngati munthu wodutsa pomwe ena akusamba. Ndinalemba mawu amodzi a Chiyao omwe amayi ankanditchula ndili mwana. Nditatha ndinadzuka n'kupita kukatsuka mbale, ndipo iwo anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Panapita mwezi ndisanaikhudze. Chinandidzutsa ndi ulendo wa amayi. Anabwera kudzaona mdzukulu, n'kumamuyankhula m'Chiyao tsiku lonse, ndipo pobwerera anati mwanayu akula wosadziwa kupempha madzi kwa agogo ake. Sananene mokwiya. Anangonena akumanga mpango. Koma ankanena zoona. Amuna anga kwawo ndi ku Rivirivi, ndi Akatolika, ndipo m'nyumba mwathu timayankhula Chichewa chokha. Ine ndemwe mawu ena anali atayamba kundithawa.

M'mawa wotsatira, amuna anga atapita ku kabaza, ndinayatsa kompyuta. Ndinalephera kulowa masiku atatu otsatizana. Ine ndinakula ndikudziwa kuti ukafika pakhomo umaodira n'kudikira kuti akuyankhe. Ndiye ndinkaika chala pamwamba pa kadontho kofiirako n'kumadikira kuti kompyuta indifunse. Siinkafunsa. Inkangondilowetsa m'nyumba ya amuna anga, ine n'kuizimitsa msanga ngati andipeza m'chipinda cha eni. Tsiku lachinayi mwana analira nthawi yomweyo, ndipo m'changu changa ndinadina batanilo kangapo mosaganiza. Mizere iwiri ija inabwera. Ndinasankha wam'munsi.

Ndinayamba ndi mawu osavuta, chala chimodzi, mwana akuyamwa. Mesi ndi madzi. Lyuwa ndi dzuwa. Nguku ndi nkhuku. Masiku oyamba sindinkadziwa kuti batani lalitali lam'munsi ndi lolekanitsira mawu, ndiye zonse zinkangolumikizana ngati mabogi a sitima ya katundu. Kenako mawu okha anasiya kundikwanira. Ndinayamba kumulembera mwanayo ngati ndikumuyankhula atakula: njira yochokera panjanji kukafika kwa agogo ake, mmene amaperekera moni kwa akuluakulu, chifukwa chomwe kwa agogo sadya nyama ina iliyonse, ndiponso za anthu a m'banja lathu, wina ndi wina, mmene ine ndimawaonera.

Panali chinthu chimodzi chomwe chinkandichititsa manyazi. Mawu aliwonse omwe ndinkalemba, kompyuta inkawadula mzere wofiira pansi. Onse, osasiya ngakhale amodzi. Ndinkadziwa kuti sindilemba bwino, koma sindinkaganiza kuti n'kufika pamenepo. Mizereyo inkandikumbutsa aphunzitsi ena amene anawerenga chimangirizo changa mokweza kalasi lonse likuseka. N'chifukwa chake sindinauze amuna anga. Si munthu wankhanza, koma anafika Fomu 4, ndipo sindinkafuna kuti aone tsamba lofiira lonse. Ndinkazimitsa isanakwane thwelofu, nthawi yomwe amabwerera, n'kuphimba kiyibodi ndi nsalu yake monga mmene anaisiyira.

Kuti ndisapezeke, ndinkadalira wotchi ya pasikirini, popeza foni amuna anga ankapita nayo. Ndinaona kuti wotchi ya m'nyumba mwangamo inali patsogolo ndi maola awiri. Wailesi ikanena kuti seveni, iyo inkati naini. Ndinafufuza masiku awiri mpaka ndinapeza posinthira. Inandifunsa pasiwedi, ndinalemba, nthawi n'kukhala bwino. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo. Kutacha inalinso patsogolo ndi maola awiri omwewo, ndipo ndinaikonzanso. Chinangokhala chizolowezi, ngati kusesa pabwalo. Fumbi limabwera, umasesa, sufunsa kuti lachokera kuti.

Nthawi yomweyo amuna anga anayamba kudandaula kuti wotchi yawo ikumatsalira ndi maola awiri. Masana aliwonse ankayamba n'kuikonza, chifukwa pulogalamu ina ya mafoni imakana nthawi ikalakwika, ndipo akaiwala, kasitomala ankadikira pakhonde iwo akufufuza chomwe chavuta. Anasintha kawiri kabatire kozungulira ka m'kati, kooneka ngati ndalama yachitsulo. Anapukuta fumbi. Anaganizira magetsi ozimazima. Ine ndinkawamvera chisoni, koma sindinaganize kuti zikundikhudza. Yanga inkathamanga, yawo inkatsalira. Ndinkati ndi matenda awiri osiyana, m'nyumba ziwiri zosiyana.

Lachinayi lija ndinali nditalowa m'mawa, amuna anga atangopita kusiteshoni, n'kukonza wotchi monga mwa masiku onse. Ndiye pomwe ndinkagwada kuwathirira alamu madzi, pasikirini panali seveni.

Alamu ndi munthu wanthabwala, ndipo ine amandiseka kuti mawu anga ndimasungira Khirisimasi. Anasamba m'manja, n'kundifunsa ngati ndaphunzira kuyankhula chichokereni iwo. Ndinangomwetulira. Kenako anatembenukira kwa ang'ono awo n'kufunsa ngati wotchiyo imalakwika masiku onse. Amuna anga anaganiza pang'ono. Anati Lamulungu imakhala bwino. Anatinso sabata yomwe mwana anadwala malungo ine ndili naye kuchipatala, inayenda bwino masiku onse anayi.

"Ndiye kompyuta yakoyi ndi Mkatolika kuposa iwe," anatero alamu. "Lamulungu siichimwa."

Anaseka onse awiri. Ine sindinaseke. Lamulungu sindinkalowa, chifukwa amuna anga amakhala pakhomo. Masiku anayi a kuchipatala sindinalowenso. Ndinaima ndi beseni lija, ndipo ndinazindikira kuti amene ankaononga wotchi yawo ndi ine, ndipo amene ankaononga yanga ndi iwo.

Alamu anali atapeza kale yankho lawo. Anati mitu iwiri m'bokosi limodzi siingagwirizane, hadi yachiwiriyo ndi imene ikusokoneza. Anati aichotse, aifomate pomwepo, iwo apite nayo ku Nayuchi, chifukwa mnzawo woonetsa mafilimu ankafuna posungira. Amuna anga anati mwina n'zoona, ndiponso mulibe kanthu, popeza mayi a mwana sanalowemo chiwapatsireni. Anandifunsa ali chopenya kumbali ngati ndikuifuna. Ndinatuluka kukataya madzi.

Kuseri kwa nyumba ndinaima pafupi ndi thandala la mbale. Ndinaganiza za masamba anga, omwe anali atapitirira makumi atatu. Ena ndikanatha kuwalembanso. Koma munali mawu omwe ndinafunsa amayi pafoni ya aneba, iwo n'kufunsanso achemwali awo okalamba, ndipo sindinkawakumbukira onse. Munalinso tsamba lomwe ndinalemba tsiku lomwe mwana anamera dzino loyamba, lomwe sindikanalilembanso chimodzimodzi. Ndikakhala chete, zonsezo zifufutidwa ndisanaphike ndiwo. Ndikayankhula, aona mizere yofiira, ndipo aiona pali alamu, amene nkhani ikawakomera amakaifikitsa ku Rivirivi ndi ku Nayuchi komwe.

Nditabwerera ndinapeza atazimitsa kompyuta, bokosi ataligoneka patebulo. Amuna anga ankamasula masikuluu n'kumaika m'sosala yanga ya tiyi. Ndinawerenga. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Chivindikiro chinachoka. Anandipempha kuti ndiwagwirire tochi, chifukwa m'katimo munali mdima. Ndinagwira. Ndinaona mahadi awiri aja atasanjikizana, yawo pamwamba, yanga pansi, iliyonse ndi waya wake. Zala zawo zinagwira waya wapansi.

"Bambo a mwana, musachotse," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, moti anandifunsa kuti ndati chiyani. "Musachotse. Wotchiyo ndimakonza ndine."

Alamu anayang'ana kudenga n'kufunsa ngati pali wina wayankhula m'nyumba muno. Amuna anga sanaseke. Anasiya waya uja n'kundiyang'ana. Ndinafotokoza ndikuyang'ana sosala ya masikuluu, kuti ndimalowa m'mawa uliwonse, kuti ndimapeza wotchi ili patsogolo, kuti ndimaibweza potsatira wailesi. Anafunsa kuti kuyambira liti. Ndinati kuyambira pomwe amayi anabwera. Anawerenga pa zala, n'kupeza miyezi itatu.

Sanakhulupirire msanga, ndiye anati tiyese. Analumikiza mawaya bokosi lili chotsegula, n'kulowa ku yabuluu, n'kukonza nthawi. Inali hafu pasiti naini. Anazimitsa n'kundisunthira mpando. Ndinakhala pamaso pa amuna awiri, mwana akundikoka mpango, ndipo ndinadina kadontho kofiira. Penti inali itayamba kufufutika pakati, ndipo ndinaona kuti amuna anga aona. Pofika pa pasiwedi anatembenukira kukhoma monga kale. Alamu anaphimba nkhope ndi chipewa n'kusiya diso limodzi, ang'ono awo n'kuwakankha phewa.

Wotchi yanga inkati hafu pasiti leveni. Ndinaibweza monga ndinkachitira. Tinazimitsa, n'kulowa ku yabuluu. Inali itabwerera ku ma seveni.

Amuna anga anayamba kuseka pang'onopang'ono atagwira chipumi. Anati ndiye kuti wotchi ndi imodzi, ili pachipata, koma nyumba ziwirizi zimaiwerenga mosiyana. Yofiirira ikaiwerenga imaonjezera maola awiri, yabuluu imatenga mmene ilili. Miyezi itatu yonse ife tinkakokerana muvi umodzi, wina m'mawa, wina masana, aliyense akuganiza kuti akukonza. Anati mabatire awiri aja anafera za eni.

Alamu sanagonje msanga. Anati chabwino, hadi ilibe mlandu, koma kodi muli chiyani choti n'kusungira chitsulo chonsecho? Ngati ndi zithunzi za mwana, aziike pa fulashi, hadi ipitebe. Amuna anga anati zimenezo afunse mwini nyumba. Ndinadziwa kuti popanda kuonetsa, nkhaniyo siitha. Ndinalowanso ku yofiirira, n'kutsegula masamba anga, n'kudzuka pampando. Ndinakaima pakhomo, nkhope kunja, ndikumugwedeza mwana ngakhale sankalira.

Ndinamva alamu akuwerenga mokweza, mawu akuwakoka ngati mwana wa sukulu. Mesi ndi madzi. Lyuwa ndi dzuwa. Anati eee, tili ndi aphunzitsi m'nyumba osadziwa. Anapitiriza kutsika, akulumpha masamba, mpaka anafika pomwe ndinalemba za anthu a m'banja. Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira zomwe ndinalemba, koma kunali kutachedwa.

"Abambo ako aakulu a ku Nayuchi ndi munthu wabwino, amakubweretsera mabisiketi," anawerenga. Kenako mawu awo anayamba kuchepa. "Koma Chiyao chawo ndi chapamsika. Amadziwa kufunsa mtengo ndi kutukwana basi. Usaphunzire kwa iwo."

Amuna anga anaseka mpaka kutsokomola. Alamu anati akandisumira kwa amayi anga. Anati zaka zonsezi ankandiyesa wosayankhula, osadziwa kuti ndimawadya miseche m'bokosi. Kenako anandipatsa moni wa m'mawa m'Chiyao kuti andionetse kuti amachidziwa, ndipo anaulakwitsa. Ndinawauza mmene amanenera, ndili chopenya kunja komwe. Anabwereza, n'kulakwitsanso. Pamenepo ndi ine ndemwe ndinaseka, nditaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Za mizere yofiira anafunsa ndi amuna anga. Anati bwanji sindinaichotse, siikundisokoneza maso? Ndinati ndi zolakwa zanga, ndingazichotse bwanji. Kenako anandiitana kuti ndibwere pafupi, n'kulemba pansi pa tsamba langa mawu akuti madzi. Kompyuta inawadula mzere wofiira. Analemba dzina la mudzi wa kwawo. Inadulanso. Anati iyo imadziwa Chingelezi chokha, Chichewa ndi Chiyao siizidziwa, ndiye chilichonse chomwe siikuchimva imati n'cholakwika. Anadina penapake, mizere yonse n'kuzimirira nthawi imodzi. Ndinaona masamba anga ali oyera kwa nthawi yoyamba. Zolakwa zinalimo ndithu, ndipo zina ndinaziona pomwepo, koma sizinali mawu onse.

Alamu anati hadiyo ikhale, mnzawo wa mafilimu akadzionera. Koma anati akadzabweranso adzaona ngati tsamba lawo ndalikonza, ndipo ndikapanda kutero mabisiketi atha. Amuna anga anabwezera chivindikiro. Ndinawapatsira masikuluu imodziimodzi kuchokera m'sosala.

Panatsala nkhani ya wotchi. Amuna anga anati payenera kukhala njira yoziuza nyumba ziwirizo kuti zizigwirizana, ndipo akafunsa mnzawo wina wokonza makompyuta kumsika. Koma pakadali pano mmodzi anayenera kusiya kukonza. Anayamba kunena kuti asiya iwo. Ndinati iyayi, yawo ndi ya makasitomala, ndisiya ine, ndizingochotsera maola awiriwo m'mutu. Kuchotsera awiri ndinaphunzira ndisanasiye sukulu.

Madzulo, alamu atapita kukagona kwa msuweni wawo, amuna anga anandifunsa ngati angawerenge masamba enawo. Ndinati ena. Anafunsa ngati pali tsamba la iwo. Ndinati lilipo, koma silinathe. Sanakakamize.

M'mawa wa Lachisanu sindinadikire kuti apite. Anali akupopa tayala la njinga pakhonde, chitseko chili chotsegula. Ndinachotsa nsalu pa kiyibodi, ndinayatsa, n'kudina kadontho kofiira sikirini ikadali yakuda. Wailesi ya aneba inanena kuti sikisi koloko. Wotchi yanga inkati eyiti. Dzanja linapita lokha pa mausi kuti likakonze, koma ndinalibweza. Ndinamukhazika mwana pamwendo, ndinatsegula tsamba la abambo ake aakulu, ndipo pansi pa mawu aja ndinalemba moni wa m'mawa wa Chiyao mmene amaunenera amayi, kuti akadzabwera adzaphunzire pamodzi ndi mwanayo.